Lole isabwerere yopanda kanthu pa Bembeke

Mukatsika minibasi pa Bembeke, pamsewu wa M1, mumalandiridwa ndi mphepo yozizira komanso amayi ogulitsa mbatatesi, kabichi ndi tomato. Koma lowani m'golosale: shuga watha, mwiniwake akudikira tsiku lokapikula ku Dedza kapena ku Lilongwe.

Ku Japan, masitolo a 7-Eleven amalandira katundu wochepa kangapo patsiku, chifukwa ndi oyandikana ndipo galimoto imodzi imafikira ambiri. Kwathu kuno sizingatheke choncho. Mafuta ndi odula, ndipo ndalama zimaoneka mbatatesi ikakumbidwa.

Chomwe tingatengereko ndi kugawana galimoto. Eni magolosale ndi alimi atachita hayala lole imodzi, yobweretsa shuga, sopo ndi mchere n'kubwerera itasenza mbatatesi, ndalama yoyendera ingachepe. Apo ayi, mlimi azingogulitsa motchipa n'kumagula modula.