Zimene Ndinaphunzira Titaika Mnzathu M'manda

Amayi anzanga, chaka chatha gulu lathu la ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, linataya msungichuma wake, mayi wa ana asanu amene sanasokonezepo ngakhale tambala imodzi. Anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Pa siwa paja ndinamva manong'onong'o akuti analodzedwa kaamba ka ndalama za gulu. Mtima unandiwawa ndithu, pakuti mawu otere amaloza ife anzake amene tinkasonkha naye, ndipo amayi awiri analeka kubwera ku misonkhano.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, motero ndinapita kwa namwino wina amene timapemphera naye kuti akandimasulire nthenda imeneyi. Iye anati thupi la munthu linamangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso, ndipo kaselo kalikonse kamasunga malangizo amene tinalandira kwa makolo athu, otchedwa majini. Malangizo ena amauza kaselo kuti kagawikane, ena amakauza kuti kaime, kwakwana. Tsono onsewa sagwira ntchito nthawi imodzi. Pali tinthu totchedwa maenzaimu timene timatsegula ena ndi kutseka ena.

Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, anandifunsa kuti, "Kodi Amayi, thobwa mumaphika bwanji?" Ndinaseka, poti thobwa, kapena chindongwa monga timanenera kuno, ndinayamba kuphika ndili mtsikana. Phala limakhala lolimba ndi losatsekemera, koma mukathiramo chimera pang'ono chabe limasungunuka, mphika wonse nutsekemera. "Basitu," anatero, "m'chimeramo muli maenzaimu. Ndi ochepa, koma amasintha mphika wonse. M'thupi alimonso a mitundu yambiri, uliwonse ndi ntchito yake."

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamapatsirana mwamuna ndi mkazi akakhala malo amodzi. Amene anakapeza m'zotupa za khansayi ndi Harald zur Hausen wa ku Germany, m'chaka cha 1983, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Amayi ambiri thupi lawo limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhazikika, nikapanga kanthu kotchedwa E6 kamene kamagwira enzaimu ina ya m'kaselo ndi kuituma kukawononga mlonda wotchedwa p53. Ntchito ya mlonda ameneyu ndiyo kuimitsa kaselo kowonongeka kuti kasaberekane. Maenzaimu enanso amasokeretsedwa, nayamba kutseka malangizo aja onena kuti ima. Mlonda akachoka, timaselo timangochulukana popanda wotiletsa.

Chimene chinandikhudza koposa ndi nthawi. Zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti chifike pokhala khansa, ndipo kwa mayi amene thupi lake lafowoka ndi HIV zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Ndiko kunena kuti nthenda ya mnzathu inayamba gulu lathu lisanabadwe, thumba la ndalama lisanakhalepo. Zaka zoyambazo simumva kupweteka kulikonse. Iye atayamba kutaya magazi pakati pa mwezi anabisa chifukwa cha manyazi, namangomwa mizu. Inenso ndili ndi mlandu wanga. Ndinamuona akumanga chitenje mopitirira kale, osamufunsa, poopa kulowerera za m'nyumba ya mwini.

Pa msonkhano wotsatira ndinanyamula chimera m'mbale ndi kufotokoza zonsezi monga ndinazimvera. Tinagwirizana kupita kukayezetsa ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2000. Kuyezako nkosavuta: anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera. Akawapeza msanga amawatentha ndi kachipangizo kwa mphindi zochepa, mayi nabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Vuto linali kwa abambo. Ena anakaniza akazi awo, ati mkazi wosadwala akatani ku chipatala. Abambo a kunyumba kwanga nawonso anang'ung'udza, mpaka ndinawafunsa ngati adzakwanitse kulera ana okha monga akuchitira mwamuna wa malemu. Sanayankhe, koma m'mawa mwake anandipatsa ya basi.

Tinapita amayi khumi ndi mmodzi, ndipo mmodzi wa awiri anasiya misonkhano aja anali nafe. Mwa ife tonse, awiri anapezeka ndi malo oyerawo ndipo anathandizidwa. Ali bwino, akugulitsa tomato wawo pa msika monga kale.

Pobwerera tinakambirana za katemera wa HPV, amene anayamba kuyesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013 nafalikira dziko lonse mu 2019, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Ndivomere kuti ine ndinali mmodzi wa amene ankakhulupirira mphekesera yoti katemerayu amatseketsa mimba, ndipo mwana wanga woyamba ndinamukaniza. Mng'ono wake wakwanitsa zaka 9 mwezi wathawu, ndipo ndinamuperekeza ndekha. Mwana wamkazi wa malemu mnzathu ndinamutenganso tsiku lomwelo, bambo ake atavomera.