Ndalama ya Mtukula Pakhomo ndi ya agogo, isiyeni

Okondedwa, lero ndikulankhula ndi inu amene muli ndi agogo kumudzi, kapena m'bale wosaona kaya wolumala amene amalandira Mtukula Pakhomo. Werengani mpaka pansi, musangolemba "Amen" n'kudutsa.

Thandizo la bomali linayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pano lili m'maboma onse 28. Si la aliyense ayi. Amasankha mabanja ovutikitsitsa, pafupifupi 10 pa 100 alionse, amene pakhomo palibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito: nkhalamba yolera ana amasiye, osaona, olumala, odwala nthawi yaitali. Ndalamayo imatengera kukula kwa banja, ndipo pamakhala kapamwamba ngati pali ana a sukulu. Ndi yochepa, abale anga. Ndi ya mchere, sopo, chigayo ndi makope.

Tsiku lina pozonda odwala ndinafika kwa mayi wina wachikulire wosaona. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, ulendo uno mwalandira zingati?" Iwo anati, "Abusa, ine ndimangoperekezedwa. Zinazo amadziwa ndi mwanayu." M'nyumbamo munalibe ngakhale ufa wa phala. Mdzukulu woperekezayo anali kumsika, akuseweretsa foni yatsopano. Mtima unandiwawa kwambiri.

Kumeneko ndi kuba. Ngakhale akhale agogo ako okubereka mayi ako, ndi kuba basi!

Nafenso azibusa nkhaniyi isatilambalale. Osamuuza munthu wosaona kuti abzale "mbewu" ndi ndalama imeneyi kuti maso ake atseguke. Kawerengeni Marko 7, muone mmene Yesu anadzudzulira anthu olanda thandizo la makolo ponamizira kuti laperekedwa kwa Mulungu. Mpingo ndiwo uyenera kupita kwa agogo ndi thumba la ufa.

Tsono chitani izi. Mukawaperekeza, werengani ndalamayo mokweza iwo akumva, muiike m'manja mwawo, anene okha chogula. Mukaona wina akuwadyera, kauzeni akomiti a pologalamuyi m'mudzimo kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma lanu. Ndipo inu amene muli mu Lilongwe, mu Blantyre kaya ku Joni, musasiye kutumiza poti "boma likuwapatsa." Boma silinayamwe bere la mayi anu.

Imbirani foni kumudzi lero lomwe, mufunse kuti ndalama ya agogo imasungidwa ndi ndani. Ambuye akudalitseni. Amen.