Mwana wa tenanti sataya chingwe cha bwana

Ntchito imene inatsala pang'ono kundilanda moyo ku Joni inali yothamangitsa chibaluni. Ndikatero kuno ku Santhe ena amayesa ndikunena timabaluni tomangirira paukwati. Chimene ndikunena ine ndi chinsalu cha nayiloni choposa mamita 20 kutalika chikafufuma, kunsi kwake kukulendewera dengu lalikulu loimamo anthu. Alendo ochokera ku Germany, ku England ndi kwina amalipira ndalama zoposa malipiro a milungu iwiri a wothyola mphesa kuti akwere m'denguli mbandakucha, dzuwa liwatulukire ali m'mwamba, pansi pawo pali minda ya mphesa ya ku Paarl ndi Wellington, mtsinje wa Berg ndi mapiri a Drakenstein. Ife tinali anthu apansi, oimika chibalunicho, ochilondola pagalimoto ndi kuchigwira chikamatera.

Koma zimene zinandichitikira kumeneko zinayambira m'fodya wa ku Kasungu.

Bambo anga anachokera ku Phalombe pa lole yodzatenga matenanti, mayi ali ndi pakati panga. Ndinabadwira pa esiteti ina kufupi ndi mtsinje wa Bua. Ife tinkalima fodya wa bale, koma mwini esiteti analinso ndi mabalani a fodya wa fuluu, ndipo usiku bambo ankagwira ganyu yosonkhezera moto, ine ndikuwapatsira zikuni. Pa esiteti chilichonse chinkalowa m'buku la kapitawo: chitini cha chimanga, mchere, khasu, feteleza, ngakhale panado. Fodya akapita ku okushoni bwana ankatsegula bukulo n'kuyamba kuchotsera, ndipo zaka zina bambo ankabwera kunyumba ali chimanjamanja, atauzidwa kuti ngongole yatsalako. Tsamba likang'ambika kapena kuchita nkhungu m'chigafa, mlandu unali wathu. Mutu unkandiwawa, ndinkasanza tikathyola fodya wonyowa ndi mame, mayi n'kumati ndi malungo. Ndinadzamva ndili wamkulu kuti mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti la kafukufuku wa ana a m'minda ya fodya, kuphatikizapo ku Kasungu kuno komwe, lonena kuti mwana amatha kumwa chikonga chofika mamiligalamu 54 pa tsiku kudzera pakhungu, chofanana ndi cha ndudu 50.

Usiku wina balani linagwira moto. Tsamba louma likagwera pa paipi yotentha sipakhalanso kukambirana. Ndinaona bambo akuviika thumba lachiguduli m'mgolo, n'kudzifunditsa kumutu, n'kulowa. Anatuluka ndi mikangala ya fodya, naiponya pansi, nabwereranso. Mayi anafika akukuwa kuti, "Abambo ake mwana, tulukani, fodyayo si wanu!" Iwo analowabe kufikira denga litayamba kugwa. Nsidze zinapserera, khungu la m'manja linasupuka. Kutacha kapitawo anawerenga mikangala yopulumuka n'kuwauza kuti achita chamuna. Bambo ananyadira mawu amenewo mpaka imfa yawo, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti katundu wa bwana sasiyidwa, thupi limapola lokha.

Njala ya 2002 itafika, phoso linaleka kuperekedwa. Tinadya gaga, tinadya zitsa za nthochi, ndipo mlongo wanga wamng'ono sanafike nthawi ya dowe. Mu February chaka chimenecho, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ife tinali titamuika kale. Tinachoka pa esiteti, a nyakwawa ena ku Santhe anatipatsa kamalo, ndipo kwathu kunakhala kumeneko.

Ndinanyamuka mu 2012, kudzera ku Mwanza, Zobue, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Amalume anali ku Mbekweni, komboni ya ku Paarl, ndipo anandilowetsa ntchito yodulira mphesa. Ndinafika chaka cha chipwirikiti. Mu November antchito a m'minda ya ku De Doorns ananyanyala, anatseka msewu wa N1, minda ina inatenthedwa. Nthawiyo malipiro anali R69 pa tsiku, ndipo boma linawakweza kufika R105 kuyambira March 2013. Anzathu obadwira konko ankasimba kuti makolo awo ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro, ndipo uchidakwa umene unatsalira m'mabanja awo ndinauona ndi maso. Ine sindinkadandaula. Ndalama inkabwera Lachisanu lililonse, popanda buku.

Ntchito ya chibaluni anandipezera mkulu wina wa ku Zimbabwe amene tinkapemphera naye. Ndinkamutchula kuti mukoma, monga amachitira kwawo. Tinkadzuka 3 koloko usiku n'kukweza dengu, masilinda a gasi, fani yainjini ndi thumba la chinsalu pa ngolo. Pabwalo woyendetsa ankayamba waulutsa kabaluni kakang'ono kuti aone kolowera mphepo. Tikatero tinkayala chinsalu pa udzu, awiri n'kutsegula kukamwa kwake, fani n'kumauziramo mphepo yozizira. Chikatupa, woyendetsa ankayatsa mbaula, lawi lotalika kuposa munthu n'kulowa mkati ndi mkokomo wogonthetsa m'khutu. Wina ankakhala kutali atagwira chingwe cha pamutu pake kuti chisadzuke mofulumira. Mpweya wamkati ukatentha kufika madigiri pafupifupi 100 umapepuka, chibaluni n'kuimirira. Zimenezi ndinazimva msanga kuposa anzanga, chifukwa chibaluni chili ngati balani la fodya: moto pansi, kutentha kumathamangira kudenga, ndipo ukafuna kuziziritsa umatsegula potulukira pamwamba. Pamutu pa chibaluni pali chivindikiro chansalu chimene woyendetsa amakoka ndi chingwe kuti mpweya wotentha utuluke.

Chibaluni chilibe chiwongolero. Chimapita kumene mphepo ikupita, ndipo luso la woyendetsa ndi kukwera kapena kutsika kufunafuna mphepo yolowera kumene akufuna. N'chifukwa chake amauluka m'mamawa, nthaka isanatenthe n'kuyamba kuvundula mpweya. Ku Cape kulinso mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor, yolimba m'chilimwe chawo, miyezi yomweyo imene alendo amachuluka ndipo mphesa zikupsa. Masiku ambiri tinkabwerera pabwalo osauluka.

Ndinaikonda ntchitoyo, sindibisa. Chibaluni chikanyamuka kumwamba kutayamba kufiira, ana a m'mafamu ankatuluka m'nyumba akukuwa, agalu akuuwa, ife tili pambuyo pa pikapu, ovaova ili m'manja, tikufunafuna zipata. Alendo akatera ankapita kukadya kadzutsa ndi vinyo wathovu, ena n'kutisiyira kangachepe. Mayi wina wachikulire anandionetsa zithunzi zimene anajambula ali m'mwamba. Mizere ya mphesa inali yowongoka bwino, madamu akunyezimira. Ndinayang'anitsitsa kufuna kuona amalume ndi anzawo, amene ndinkadziwa kuti ali m'mizere imeneyo ndi makreti kuyambira kusanache, koma sankaoneka.

Za ngozi tinkamva. Mu January 2012 chibaluni chinakodwa pa mawaya a magetsi ku Carterton, m'dera lolima mphesa la Wairarapa ku New Zealand, anthu 11 onse anafa. Pa 26 February 2013 china chinayaka ku Luxor m'dziko la Egypt chikutera, ena atadumpha chinapepuka n'kukweranso chikuyaka, anthu 19 anafa. Mukoma anandiuzapo kuti usamakulunge chingwe padzanja, ndipo mapazi akangochoka pansi, taya. Ndinamva ndithu. Koma mawu a tsiku limodzi sakanafafaniza zimene ndinaona pa balani lija.

Tsiku la ngozi kunacha bata. Inali nthawi yokolola mphesa, dengu linadzaza. Chitauluka pafupifupi ola, mphepo inadzuka mwadzidzidzi kuchokera kumapiri. Woyendetsa anatiuza pa ovaova kuti atera pa munda wina wa ziputu za tirigu, kutsogolo kwake kuli mpanda wa waya ndi mzere wa mapolo a magetsi. Tinafika chikutsika kale. Anatiponyera chingwe, ine ndi mukoma tinachigwira. Dengu linamenya pansi, linanjanja, linagwa chammbali n'kuyamba kukhwekhwerezeka. Alendo anali atauzidwa kuti asatuluke mpaka atalamulidwa, koma mantha alibe khutu. Amuna awiri ojintcha anagubudukira kunja, wachitatu anawatsatira. Anthu atatu ndi makilogalamu oposa 200. Chibaluni chinapepuka nthawi yomweyo, n'kudzuka.

Mukoma anataya. Ndinamumva akukuwa, "Siya! Siya, mfana!" Ine ndinali kuyang'ana mawaya aja, ndi dengu, ndi chinsalu chimene tinkauzidwa kawirikawiri kuti mtengo wake ndi woposa nyumba. Manja anga anafinya okha. Mapazi anayamba kukwekwesa ziputu, kenaka sanakhudzenso kanthu. Ndinaona denga la pikapu yathu pansi panga, ndi chipewa changa chikugubuduzika. Chingwe chinali kutsetsereka m'magolovesi, chikutentha, ndipo nsonga yake inali itazenga mkono wanga wamanzere. Pamwamba panga mbaula inali zii, woyendetsa akukoka chivindikiro ndi mphamvu zake zonse, nkhope ya mtsikana wina itasuzumira m'mphepete mwa dengu, kukamwa kuli yasa koma mawu osamveka. Ndinaitana mayi anga. Phewa linaguluka, ndinalimva likuti phwa, chingwe n'kuvundukuka, ine n'kugwa.

Anzanga amati ndinagwa kuchokera pa msinkhu wa nyumba yosanja kamodzi. Ndinagwera pa nthaka yogaula, m'mbali mwa munda, ndipo ndi chimene chinandipulumutsa. Masitepe ochepa kutsogolo kunali ngalande ya simenti. Chibaluni chinadumpha mpanda, chinatera mawaya asanafike, ndipo palibe mlendo anavulala kupitirira mikwingwirima.

Ndinatsitsimuka mukoma atanditsamiritsa mutu pamiyendo pake, akundiletsa kutembenuka. Kuchipatala cha boma anapeza kuti mkono wathyoka pawiri, nthiti zathyoka, fupa la m'chiuno lang'aluka, ndi mitsempha ya paphewa yaduka. Anandiika zitsulo. Anamwino anandisamala bwino, sanandifunse za mapepala ndisanalandire thandizo. Amalume ankabwera madzulo atatopa, atanyamula nsima m'kontena. Tsiku lina anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphwanga, ukanafa ine ndikanakawauza chiyani alongo anga? Kuti wafera nsalu?" Analira, munthu wamkulu, pamaso pa odwala onse.

Woyendetsa anabwera kudzandiona. Anali munthu wabwino mtima, ndipo anandiuza mosabisa kuti kulemera kwanga sikukanaletsa chibaluni chija, kuti chimanyamula anthu ambiri kuposa ine, ndipo kuti pamene ndinalendewera ndinamuwonjezera ntchito chifukwa ankaopa kutera pa ine. Mawu amenewo anandipweteka kuposa nthiti. Kenaka ndinaganiza za bambo. Mikangala imene anaitulutsa m'moto inali yochepa, ndipo fodya wake anali atanunkha kale utsi. Anapsa manja chifukwa cha fodya amene mwina sanagulidwe n'komwe.

Ku South Africa kuli thumba la boma lolipira ovulala pa ntchito, koma dzina langa silinali m'kaundula aliyense. Ndinkalandira pamanja, ndipo chitupa changa chinali chitatha kale masiku. Eni ntchito anandipatsa ndalama ya miyezi ingapo ndi ya basi. Anzanga anati ndikadandaule ku CCMA, kumene amamva milandu ya apantchito, koma ndinaopa kuti ndikathera ku Lindela, kumene amasungira oyembekeza kuthamangitsidwa m'dzikomo. Amalawi a ku Mbekweni anasonkha, wina R50, wina R100, monga timachitira pa maliro, ndipo ndinabwera kumudzi nditakhala chammbali pa mpando ulendo wonse.

Mkono wamanzere sukwera kupitirira phewa, ndipo zala ziwiri sizimva kanthu. Sindingasoke fodya, sindingakweze mikangala m'chigafa, sindingapanikize belo pa jeke. Ndimalima soya ndi mtedza, mayi a kunyumba ndiwo amagwira zolemera. Mwezi wa June kukazizira zitsulo zimandikumbutsa kuti zilimo. Nthawi zina usiku ndimalota mapazi akufunafuna nthaka, n'kudzidzimuka nditagwira mphasa.

Ana anga aamuna awiri ndawaletsa ganyu ya fodya, ngakhale nthawi yothyola anzawo amabwera ndi ndalama ya sopo. Wamkulu anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinamufotokozera za agogo ake ndi thumba lachiguduli lija, zonse, mpaka za kapitawo. Sindinafune kuti aimve ngati nkhani ya ngwazi, monga ndinaimvera ine.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, koma aliyense wa kuno akudziwa kuti mabanja akubwerabe nthawi ya nazale, ndipo mabuku aja akadalipo. Chaka chatha mnzanga wina amene amagulitsa fodya ku Chinkhoma anandipeza pakhomo. Anati, "Achimwene, malo muli nawo, mkono ndi umene mulibe. Ndikupezereni banja la ku Mulanje, muzingolipatsa chimanga, mudzawerengerana fodya akagulitsidwa. Aliyense akutero." Anali atabwera nalo kale banjalo, bambo, mayi ndi ana atatu, ataima pansi pa mango ndi mitolo yawo. Kamnyamata kakakulu kanali ka zaka ngati khumi. Mayi a kunyumba anawaphikira nsima, anagona kwathu, ndipo kutacha ndinagulitsa nkhuku ziwiri n'kuwapatsa ya minibasi yokafika ku boma. Ndinamva kuti anakalowa pa esiteti ina cha ku Chamama. Maekala awiri a kumunsi kwa munda wanga chaka chino agoneranso.