Kwa Mphwanga, Za Galimoto Yako Yozima Panjira

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako yandipeza, ndipo ndagwidwa ndi chisoni pomva kuti Sienta ija unaitanitsa ku Japan, imene inayenda bwinobwino kuchokera ku doko la Dar es Salaam, kudzera pa chipata cha Songwe, kufikira pakhomo pako, yazima pa chitunda cha ku Dedza, nikana kuliranso mpaka lero. Wanenanso kuti makaniko akufuna ndalama za pampu ya petulo, mapulagi anayi ndi batire latsopano. Ine amene ndakalambira pansi pa maboneti ndikupempha kuti ubweze dzanja m'thumba, pakuti munthu wotchula zipangizo zitatu pa nthawi imodzi sanaipeze nthenda, angoombeza ndi ndalama zako.

Choyamba, kumbukira bwino mazimidwe ake, chifukwa umboni waukulu uli pomwepo, ndipo mboni yake ndiwe wekha. Ngati inayamba kutsamwa ndi kufooka pokwera, niyenda monyinyirika isanaleke, kawirikawiri mlandu uli ku mafuta. Ngati inazima mwadzidzidzi, popanda chizindikiro chilichonse, yang'ana ku magetsi. Koma ngati kanyale kofiira ka batire kanayaka uli paulendo, nyale zinazo nkuyamba kuzilala, dziwa kuti alitaneta inaleka kudyetsa batire, ndipo ungakhale utagula latsopano, lidzatha chimodzimodzi.

Tsopano ika giya pa P, upotoze kiyi, nutchere khutu. Ukangomva kuti "ka! ka! ka!" injini osatembenuka, yamba ndi mitu ya batire, imene imamera nguwi yoyera kapena kukhwepa ndi mabampu a misewu yathu, ipale, uimange zolimba. Batire lamoyo limaonetsa mavoliti 12.6 pa kachipangizo kopimira galimoto ili chete, ndipo injini ikalira liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Usalole anyamata a m'mbali mwa msewu kuti akukankhe, pakuti galimoto yosintha yokha magiya siilira ndi kukankha, ungotaya ndalama yowathokoza.

Koma ngati sitata ikutembenuza injini mwamphamvu, injiniyo osagwira, pamenepo ndi pamene pafunika mwambi uja wa makolo, wakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Injini ya petulo imapempha zinthu zinayi, mafuta, moto, mpweya ndi mphamvu yopanikiza, ndipo udzifunse chimodzichimodzi, kuyambira pa chosalira ndalama. Potoza kiyi mpaka sitata izungulire, mnzako atatsegula kukamwa kwa thanki naikapo khutu: pampu yamoyo imang'ung'udza. Ikakhala duu, usaiweruze msanga, yamba waona fyuzi yake ndi rileyi yake, popeza mapampu ambiri abwino achotsedwa chifukwa cha kafyuzi kamene mtengo wake suposa wa mbale ya nsima. Ndikufunsenso mosakunyaza, mafutawo unathira kuti? M'masiku osowa petulo anthufe timathamangira wa m'zigubu, amene ena amamsakaniza ndi parafini, kapena amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Ndipo madzi, pokhala olemera koposa petulo, amakhazikika pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwa. Tapako pang'ono m'botolo loonekera, ulikhazike pansi, ndipo ngati muli madzi udzawaona atapatukana okha.

Za moto ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene makaniko wako wandikayikitsa. Injini ya galimoto yakoyo, imene Toyota anaitcha 1NZ, ili ndi makoyilo anayi, pulagi iliyonse ndi koyilo yake. Imodzi ikafa injini imanjenjemera nichepa mphamvu, koma imayendabe, ndipo sizimveka kuti onse anayi afe pa ola limodzi. Moto ukasowa ponseponse, wolakwa amakhala amene amawalamulira onse, ndiye fyuzi, waya wothothoka, kapena kasensa ka kirankishafuti, kamene kamauza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira. Kasensa kameneka kali ndi khalidwe lachinyengo: kakayamba kutha kamaleka ntchito injini ikatentha, nkuyambanso ikazizira, kotero kuti galimoto imazima masana, nkulira m'mawa mwake ngati kuti siinalakwepo, kufikira tsiku limene kadzaferatu. Pansi pa chiwongolero pali kamwa la mabowo 16 polumikizapo makina owerengera zolakwika; akaonetsa P0335, wampeza mwini mlandu. Chenjera pokhapo kuti makina ena otchipa samvana ndi magalimoto opangidwira msika wa ku Japan, choncho akakhala chete usati galimoto ilibe nthenda.

Za mpweya sindichulutsa mawu: tsegula sefa, uigubudule fumbi, uone ngati paipi yake siinang'ambike.

Chotsiriza ndicho choopsa. Sitata ikamazungulira mopepuka ndi mofulumira koposa masiku onse, leka pomwepo, pakuti injini yataya mphamvu yopanikiza. Pa Corolla zakale zija chimenechi chinkatanthauza lamba wa taimingi woduka, amene ankayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000. Yako imayendera tcheni, ndiye solola kandodo ka oyilo. Akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, gasiketi yapsa, ndipo galimotoyo ikokedwe, isalizidwenso. Chivundikiro cha rediyeta usachikhudze injini ili yotentha, ndipo sitata usaiumirize kupitirira masekondi 10 osaipumitsa, kuopa kuti ungaonjeze nthenda yachiwiri pa yoyamba.

Makanikoyo usamnyoze, pakuti wantchito ayenera ulemu ndi malipiro ake. Ingomupempha mofatsa kuti chipangizo chilichonse achiyese iwe ukuona asanachichotse, ndipo chakale akupatse m'manja. Ukapeza zimene makina aja anena undilembere, pamodzi ndi dzina la malo amene unathira mafuta otsiriza.

Upereke moni kwa mayi ako ndi kwa apongozi anga, ndi ana omwe.

Ndine malume ako.