Marapodi: Komboni Imene Inabadwa ndi Ng'anjo za Laimu

Mlendo wocokera kumudzi akatsata mseu wa Great North kucoka pakati pa mzinda wa Lusaka, asanafike patali adzaona kudzanja lamanja makomboni a Chaisa, Mandevu ndi Marapodi, nyumba zogundana denga ndi denga. Ambiri amayesa kuti Marapodi ndi mau a cinenero ca kuno. Iai, ndi dzina la Mtaliyana wina, Marrapodi, amene anadza njanji itafika kale pa Lusaka mu 1905. Iyeyu anali kukumba miyala, kuocha laimu ndi kuumba njerwa, ndipo komboniyi inakula pa malo pamene anchito ace anamanga misasa. Ngakhale dzina la Roma linacokera kwa iye.

Nchito ya laimu ndi yowawa. Mwala ukapsa m'ng'anjo usanduka ufa umene ukakumana ndi madzi utentha. Tsono thukuta la munthu ndi madzinso, misozi nayo ndi madzi. Cifukwa cace woocha laimu amasupuka m'manja, maso amafiira, ndipo fumbi likalowa m'diso kwambiri munthu angathe kucita khungu. Mzinda umene unasanduka likulu la dziko mu 1935 unamangidwa ndi manja otere.

Ng'anjo zija zinazima kale, koma fumbi silinacoke m'makomboni. Lero woyenda m'Marapodi amva macheka a akalipentala, aona anyamata oumba mabuloko atayera mitu ndi simenti, ndi ena olumikiza zitsulo ndi moto, ena a iwo alibe magalasi otchinga maso. Usiku maso otere amawawa ngati mwalowa mcenga. Ku mbali zina za mzinda, monga Misisi ndi Kalingalinga, amai akhala akuswa miyala ndi nyundo, kawirikawiri mwana ali kumbuyo, napuma fumbi limodzi ndi amace. Fumbili likhala m'mapapo zaka zambiri cifuwa cisanaoneke, ndipo cikaoneka anthu amangoti ndi cimfine cosatha.

Anthu a m'migodi ya ku Copperbelt akhala akupimidwa m'cifuwa ku Kitwe kuyambira masiku a atsamunda, ndipo mu 2010 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la umoyo ndi citetezo pa nchito. Thumba la Workers' Compensation lilipira wopweteka ngati anali wolembedwa nchito. Koma ambiri a m'Marapodi adzilemba okha, kapena agwira maganyu a tsiku limodzi. Akadwala, cakudya ca ana cithera pomwepo.

Mwala womwewo wa laimu uli ndi ming'alu, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zitsikiramo kufikira m'zitsime. Mu October 2017 kolera inabuka m'komboni yoyandikana ya Chipata, ndipo mu January 2024 bwalo la National Heroes, limene liri pafupi pomwepa, linasandutsidwa cipatala ca odwala nthendayi.