Tiziphuphu ta Pankhongo: Tiyambe Taona Bwino Tisanaweruze



Pa ntchito yanga yophunzitsa katekisimu ndimaona anyamata ena amene savula chipewa ngakhale kutenthe chotani, ndipo m'tchalitchi amasankha benchi lakumbuyo. Akubisa tiziphuphu tolimba ta pankhongo, toyabwa, nthawi zina totuluka mafinya. Anzawo amawanena kuti ndi auve, ena amati anatengera kwa ometa, ena amathamangira kunena za ufiti.

Madokotala amawatchula matendawa kuti acne keloidalis nuchae, ndipo anawalongosola koyamba ndi Moritz Kaposi wa ku Vienna mu 1869. Ndi kutupa kwa timabowo tomwe tsitsi limamerera. Amagwira kwambiri amuna akuda a tsitsi lopotana, makamaka akatha msinkhu, ndipo sapatsirana. Kumeta mpala pafupipafupi ndi lezala, kukanda, ndiponso kolala yolimba yokhula pakhosi zimawakulitsa. Munthu akazengereza, tiziphuphu timalumikizana n'kukhala chipsera chachikulu, ndipo pamenepo tsitsi silimeranso.

Buku la Levitiko, mutu 13, limandichititsa chidwi pa nkhaniyi. Munthu wa nthenda ya pamutu kapena pa ndevu ankapita kwa wansembe, amene ankayang'ana khungu ndi tsitsi, ndipo akakayika ankadikira masiku 7 n'kuyang'ananso. Pometa munthuyo, malo odwalawo ankawasiya. Chigamulo chinkabwera pambuyo poonetsetsa.

Lero ntchito yoyang'anayo ndi ya achipatala. Ayenera kusiyanitsa matendawa ndi zipere, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Angapale khungu pang'ono, kuyeza mafinya, kapena kutenga kachidutswa ka khungu kukaunika. Chithandizo chake ndi mankhwala opaka ochepetsa kutupa, mapiritsi monga doxycycline kwa masabata angapo, jakisoni wobaya pachipserapo, ndipo chikakula kwambiri, opaleshoni. Kuno kwathu tingayambire ku Kapiri, ku Guilleme, ku Ludzi kapena pa chipatala cha boma cha Mchinji, ndipo ofunika akatswiri a khungu amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mbale wanga amene ukubisa nkhongo, usapake mankhwala oyeretsa khungu kapena kutemera mphini pamenepo. Uza wometa asamafike pakhungu, ndipo pita kuchipatala tiziphuphu tikadali tating'ono. Enafe m'miphakati mwathu, tisiye kuseka. Kunyoza kwathu n'kumene kumachedwetsa mnzathu mpaka chipsera chitakhazikika. Sabata ino, amene ukudziwa mnzako wotere, muperekeze.

Ambuye akudalitseni nonse.