Viniga, tochi ndi ulendo wa azakhali

Tchuthi chapitachi, ife ana a mchimwene wawo tinatenga sabata yathunthu kunyengerera azakhali athu kuti akayezetse khansa ya khomo la chiberekero. Iwo amamwa ma ARV, ndipo bungwe la WHO limati amayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo cha khansayi kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Titawauza zimenezi anangoti, "Ana inu, sukulu yakupatsani pakamwa." Komabe Lachiwiri m'mamawa anamanga chitenje, tinakwera kabaza.

Pachipatala chaching'ono chimene tinapita, kwathu ku Chiradzulu, panali amayi ambiri pabenchi. Nthawi ya chakudya chamasana isanakwane, anamwino anatuluka n'kunena kuti zitsulo zoyezera zoyera zatha, ndipo magetsi oti awiritsire zogwiritsidwa kale ntchito anali atazima. Otsala abwere tsiku lina. Azakhali sanayankhule njira yonse.

Tinkaganiza kuti kuyeza khansa kumafuna makina aakulu ngati a ku Queens. Ayi ndithu. Njira ya VIA, imene zipatala zambiri m'Malawi muno zimagwiritsa ntchito, imafuna bedi, magolovesi, thonje, tochi yowala bwino, chitsulo chotsegulira njira chotchedwa sipekulamu, ndi viniga, wonga yemwe timathira m'tchipisi uja. Namwino amapaka vinigayo pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Basi. Koma chitsulo chilichonse chikagwira mayi mmodzi chiyenera kutsukidwa ndi kuwiritsidwa chisanagwire wina, ndiye ngati zitsulo zili khumi, mayi wa nambala 11 amadikira magetsi.

Kuchiza nakonso kuli ndi nkhani yake. Kale ankadalira kuumitsa malo odwalawo ndi mpweya wozizira kwambiri, koma masilinda ake ndi olemera, ndipo akatha ntchito imaima. Chipatala cha Nkhoma chinathandiza kusonyeza kuti kachipangizo kotenthetsa, kofika madigiri 100, kamagwira ntchito yomweyo pasanathe mphindi, ndipo mu 2019 WHO inavomereza njirayi. Tina mwa tizipangizoti timayendera batire. A MSF, amene anayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, anayambanso kuthandiza pa khansayi m'bomali ndi ku Blantyre mu 2018.

Chimene chinatipweteka n'chakuti tinalimbana ndi mantha a azakhali, tinapambana, kenako tinagonja ndi kachitsulo. Ife ophunzira zauphunzitsi timakonda kunena kuti vuto ndi kusadziwa. Amayi aja pabenchi ankadziwa bwino lomwe. Anasiya minda, ena analipira kabaza ndi ndalama ya ndiwo.

Amene anawabweza si ife. Ndi amayi a Dorika, amene pa Sabata titaweruka anawakhazika pansi pa mtengo wa mango n'kupangana kuti apite atatu. Anafika mbandakucha, anakhala oyamba pamzere. Anamwino anapeza kamalo koyera n'kukatentha tsiku lomwelo, ndipo anawauza kuti adzabwerenso pakatha chaka. Tsikulo talilemba pakalendala ya kunyumba, komanso m'foni zathu tonse, poti azakhali timawadziwa.